Chipinda cha Njinga Zitatu

"Ababa, madzi akabwera nyumba imeneyi imathawa yokha?"

Adafunsa choncho Princess, mwana wa Hilario, pa Ngabu chaka cha namondwe wa Freddy. Nthawi imeneyo n'kuti banja lawo likugona m'kalasi pasukulu ina, nyumba yawo ya kudambo itapita ndi madzi kachiwiri. Anthu adali atandanda m'mbali mwa msewu waukulu kudikira ufa pamene padaima galimoto yoyera, yaitali, ya makatani m'mawindo. Mudatsika azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi, kudzagula nthochi. Chitseko adachisiya chotsegula, ndipo anthu adaona bedi, mbaula ndi kampopi kotsukirapo mbale. Mwamuna uja adazungulira kumbuyo n'kutsegula kachitseko kena. M'menemo mudali njinga ziwiri zakapalasa ndi kanjinga kamoto kakang'ono, zonse zomangidwa ndi malamba, zouma, zopanda ndi dontho lomwe la matope.

Anthu adaseka funso la mwanayo. Hilario sadaseke. Maso ake adali pa kachitseko ka kumbuyo kaja mpaka galimoto idazimiririka kulowera ku Bangula.

Hilario adali wakabaza. Madzi a chaka cha namondwe wa Ana adamutengera njinga imodzi, a Freddy adamutengera ina imene adagula m'malo mwake. Aboma atanena kuti anthu a kudambo asamukire kumtunda, iye adapita kukaona malowo, adapeza miyala ndi mjigo umodzi wa madzi amchere, nabwerera. Kudambo kudali dimba, ndipo dimba ndilo limadyetsa anthu mvula ikakana. Adamanganso nyumba yadothi pamalo pomwepo. Adalima chitowe, mkazi wake Flossy adalima masamba, ndipo pofika chaka chachiwiri pakhomo padali njinga ziwiri zakapalasa ndi yamoto imodzi yofiira, yogula kwa munthu. Yamotoyo ndiyo idasintha mnyumba. Inkanyamula nsomba kupita nazo ku Ngabu zisananunkhe, inkathamangira ndi amayi oyembekezera kuchipatala, ndipo ana adayamba kupita kusukulu atamwa phala.

Munthu wakumtunda angafunse kuti kodi njinga yamoto imafunanso kunyamulidwa, sithawa madzi yokha? Ameneyo sadziwa makande, dothi lakuda la kuchigwa kuno. Likauma limang'ambika ngati mapazi a nkhalamba, koma likamwa mvula ya masiku awiri limagwira tayala, kulowa m'madigadi, mpaka gudumu osazunguliranso. Chimene chimadutsa pa makande onyowa ndi phazi la munthu ndi chiboda cha ng'ombe basi. Hilario ankadziwa zimenezi, ndipo kuyambira tsiku limene njinga yofiira idalowa pakhomo sadasangalalenso ndi mtambo.

Wokhala naye pafupi adali Sebastiano, mkulu wa imvi, mwini ng'ombe ziwiri zapagoli zimene adazitcha mayina a mitsinje, Thangadzi ndi Lalanje. Mkazi wake, mai Angela, adafa mbali imodzi ya thupi zaka zinayi zapitazo, ndipo ankakhalira kugona pamphasa pakhonde. Tsiku lina masana Hilario adapeza Sebastiano akusema zikeyi za goli pamthunzi.

"Baba, ng'ombe zanuzi zingakoke nyumba?"

"Ya nkhunda?"

"Ya anthu. Ya matayala."

Sebastiano adaika kasemasema pansi. "Bambo a Princess, dzuwa la Okutobala si lamasewera. Muzivala chipewa."

Hilario adafotokoza zimene adaona pa Ngabu. Iye sankafuna injini, sankafuna mpopi. Ankafuna ngolo yaikulu ya denga, yoti mukwane mphasa ziwiri ndi matumba a chimanga, ndiye kumbuyo chipinda cha njinga. Wenzulo ya chenjezo ikangolira, n'kungomanga ng'ombe, ulendo kumtunda. Madzi akaphwa n'kubwerera nayo.

Mkuluyo adayang'ana pakhonde pamene mkazi wake ankaingitsa ntchentche ndi dzanja limene lidatsala.

"Chaka cha Freddy mai awa ndidawanyamula pachitseko, ine ndi anthu atatu. Madzi m'chifuwa. Kawiri konse chitseko chidapendekeka." Adatola kasemasema uja. "Mukawasiyira malo a mphasa imodzi, ng'ombe n'zanu tsiku limenelo. Musandipatse kanthu."

"Malowo alipo kale, baba."

"Nyumba isanakhalepo?"

"Isanakhalepo."

Adagwirana chanza.

Kumayambiriro kwa Novembala Hilario ndi Flossy adapita ku Ngabu kukasankha. Nthawi imeneyo petulo adali atasowa m'dziko muno, magalimoto akugona m'mizere, ndipo njinga yamoto idali itatha sabata ziwiri itatsamira khoma. Choncho adapalasa, aliyense yake, n'kukazitsamiza pampanda wa Lorenso.

Lorenso adali wowotcherera zitsulo, munthu wamfupi wa maso ofiira, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chisena. Ankamudziwa Hilario kuyambira kale, pakuti ndiye ankamuwotcherera kaliyala ikathyoka. Kuseri kwa shedi yake kudali manda a magalimoto. Atamva nkhani ya nyumba yoyenda sadaseke ngati ena. Adapukuta manja nati, "Pyadidi, zili bwino. Tiyeni mukaone akufa anga."

Adayamba ndi minibasi yopanda injini mmene munkagona mbuzi za eni dera.

"Iyi idanyamula anthu makumi awiri ndi asanu, makala pamwamba, kondakitala panja. Banja limodzi n'chiyani kwa iyo?" adatero Lorenso.

Hilario adagwada n'kusuzumira kunsi. Mimba yake idali pafupi kwambiri ndi nthaka. "Makande aigwira pamchombo tisanatuluke m'mudzi," adatero.

Adaona ngolo ya nzimbe, ya chitsulo chokhachokha. Imeneyo adangoigogoda n'kupitirira, pakuti inkafuna thirakitala, osati Thangadzi ndi Lalanje. Kenaka adafika pa ambulansi yakale imene Lorenso adagula ili yophwanyika kutsogolo. Idali yaitali miyendo, denga lake losadontha, ndipo kumbuyo kudali zitseko ziwiri zotseguka mpaka kumapeto. Hilario adakweramo, adayenda mapazi asanu, adatambasula manja osakhudza makoma. Nkhope yake idawala.

"Mai a Princess, tabwerani muone. Muno mulowa zonse."

Flossy sadasunthe. "Tsikani mmenemo."

"Taonani kaye."

"Ndaona. Ndigoneke ana anga mmene anthu akhala akutsirizikira? Nanga mai Angela? Munthu akadapuma inu n'kukamulowetsa m'galimoto ya odwala, mukufuna anthu azinena kuti tidawaitanira chiyani?"

"Tiipenta, mai," adatero Lorenso. "Mtanda wofiira uchoka."

"Penti imachotsa mtanda, sichotsa amene adafera mmenemo."

Hilario adatsika. Sadakangane naye, ndipo ngakhale pambuyo pake sadamukumbutse za tsikulo. Flossy mlongo wake adamwalira m'galimoto yotere pa msewu wa ku Nsanje, iye atamugwira mutu. Munthu wotero sumuuza kuti n'chitsulo chabe.

Chimene chidatsala chidali theka la pikapu: ekiselo ya kumbuyo, masipuling'i ndi matayala awiri akulu. Lorenso adati pamenepo angamange nyumba yatsopano, ya mafelemu opepuka ndi malata, mmene simudagonepo munthu.

"Ndiye kumbuyo mundiikire chipinda cha njinga," adatero Hilario. "Cha chitseko chakechake, chokhoma."

"Njinga zingati?"

"Zitatu."

Lorenso adayang'ana ziwiri zimene zidatsamira mpanda. "Yachitatu ili kuti?"

"Kunyumba. Masiku ano ingogona."

"Ndi yonenepa imeneyo," adawonjeza Flossy. "Imadya kuposa ana."

Lorenso adaseka. Ankadziwa njinga zakabaza zotere, za masipoko okhuthala ndi kaliyala wa khushoni, zimene lero zafuna tayala, mawa tcheni. Adatulutsa tepi, adayeza njinga ya Hilario kutalika ndi kutambalala, adachulukitsa katatu, ndipo chifukwa cha yonenepa ija adawonjezerapo chikhatho chimodzi. Adalemba manambala ndi choko pakhoma la shedi.

Apa ndi pamene padalakwika, ndipo n'kovuta kuloza chala munthu mmodzi. Kunyumba kwa Hilario, chibwerereni yofiira ija, mawu oti njinga adasamukira kwa iyo. M'mudzi monse ukati njinga ya Hilario, ndiye kuti ukunena yamoto, ndipo iye ankaganiza kuti dziko lonse likudziwa. Koma Lorenso Hilario amene ankamudziwa adali wopalasa, wa thukuta pamsana, ndipo tsiku limenelo adabweranso akupalasa. Onse awiri adanena mawu amodzi, aliyense akuona chake.

Ntchito idatenga miyezi itatu chifukwa magetsi ankabwera ngati mlendo. Mbuzi zonse za pakhomo ndi chitowe cha chaka chimenecho zidathera kumeneko. Hilario adapita kukaona kangapo, koma ankapeza mafelemu okhaokha, ndipo mafelemu opanda makoma amaoneka aakulu. Chipinda cha kumbuyo chidatsekedwa komalizira.

Nyumbayo adakaitenga pakati pa Febuluwale, kutacha bwino, Sebastiano ali patsogolo ndi ng'ombe. Idali yobiriwira, ya mawindo awiri ndi kamakwerero pambali. Hilario adatsegula kachitseko ka kumbuyo n'kusuzumira. Chipindacho chidamuonekera chopapatiza. Koma mudali mdima, anthu adali atazungulira kale, Lorenso akumwetulira, ndipo iye adadziuza kuti diso limanama. Adatseka.

Njira yonse anthu ankatuluka m'minda kudzaona.

"Nowa wa matayala uyo!"

"A Hilario, nyama zizilowa ziwiriziwiri kapena muyamba ndi apongozi?"

"Mukafika ku Blantyre mutipatsire moni!"

Hilario ankangokweza dzanja. Sebastiano ndiye ankayankha. "Sekani lero mano akadali ouma."

Atafika pakhomo, mudzi wonse udasonkhana kuti uone polowetsa. Flossy adalowetsa yakapalasa yoyamba, idalowa ngati dzanja m'thumba. Yachiwiri chimodzimodzi. Anthu adaomba m'manja. Kenaka Hilario adakankha yofiira pa thabwa limene adalitsamiza pakhomo la chipindacho. Tayala lakutsogolo lidalowa. Handulo idagunda felemu uku ndi uku.

"Chotsani magalasi," wina adatero.

Adachotsa. Adapotoza handulo, idalowa, koma zopondera mapazi zidakana. Adatulutsa zakapalasa zonse ziwiri kuti ilowe yokha. Adayesa chakumbuyo. Adayesa moipendeketsa, amuna anayi atagwira. Pomaliza idalowa mpaka tayala lakutsogolo lidagunda khoma lamkati, koma lakumbuyo lidatsala panja lathunthu, ndipo lata la pansi lidayamba kupindika ndi kulemera kwa injini. Kuseka kudatha. Anthu adayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akunamizira mbuzi, ena moto.

Atatsala ochepa, Hilario adati ayese m'chipinda cha anthu. Adainyamula pa makwerero aja, n'kuilowetsa mokhotakhota. Idakwana. Idaima chopingasa, kuyambira pakhomo mpaka pangodya, ndendende pamene padayenera kuyalidwa mphasa ya mai Angela. Malo otsala adali oti n'kukhalapo ana atapinda miyendo, koma osati munthu wogona. Sebastiano adaona, ndipo Hilario adaona kuti mkuluyo waona. Adaitulutsa.

Madzulo ake Hilario adakwera pachulu pamene foni imagwira, naimbira Lorenso.

"Amisiri, njinga yakana kulowa."

"Yakana bwanji? Ndidayeza ndi tepi, inu mukuona."

"Yamoto ija."

"Yamoto iti?"

"Yanga. Yachitatu."

"Shamwali, inu mudati njinga."

"Nanga yamoto si njinga?"

"Yamoto ndi yamoto! Mukadati mthuthuthu. Mukadati ya injini. Akazi anu adati yonenepa, ine n'kuwonjezera chikhatho. Chikhatho, a Hilario! Ine ndimadziwa kuti mudagula yamoto?"

"Aliyense amadziwa."

"Aliyense wa kwanu."

Sadatukwanane. Lorenso adapuma mozama, nayamba kulankhula ngati mmisiri. Kungodula khoma sikukadathandiza. Injini ikakhala kumbuyo kwa matayala, mtengo wokokera udzadzuka n'kupachika ng'ombe m'khosi. Pankafunika kutalikitsa felemu yonse ndi kusuntha ekiselo. Adati manja ake sadzawerengera, poti naye chimamuwawa, koma zitsulo zoterozo pa Ngabu panalibe, ndipo magetsi adali atatha masiku anayi osayaka.

"Bweretsani mvula ikatha, tidzaikonza bwinobwino."

"Mvula ikatha ndidzachita nayo chiyani?"



Hilario adayesa zina. Padenga, malata adali opyapyala. Kuimangirira pambali, ngolo inkapendekeka. Adafunafuna petulo wa m'zigubu kuti akaisungitse kumtunda mvula isanakule, adapeza botolo limodzi, ndipo tsiku lomwelo mwana wa mnzake adalumidwa ndi njoka. Botolo lidathera pa ulendo wa kuchipatala. Komanso kukaisiya kumtunda kudali kusiya kudya, pakuti tsiku limene petulo wapezeka ndi limene mnyumba mumalowa ndiwo. Choncho ankati mawa, mawa.

M'mwezi wa Malichi mvula idagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi, chakum'mawa dzuwa litakwera kuseri kwa mitambo, wenzulo idalira kumpoto kwa mudzi, ina n'kuyankha kumwera. Madzi sadachokere ku Shire kumene anthu ankayang'ana. Adachokera kumbuyo, m'khwawa lotsika kumapiri, ofiira, atasenza mapesi ndi nkhuku zakufa.

Flossy adalowetsa zakapalasa m'chipinda chawo, adaponya mabulangete ndi miphika mkati, adakweza ana. Hilario adagwedeza yofiira kuti amve thanki. Mudalira timafuta tosadzaza kapu. Adaikankha kuchoka pakhonde, ndipo isanafike pa nkhokwe makande adali atadzaza m'madigadi, matayala akungokhwekhwereza. Sebastiano adafika ndi ng'ombe, adamanga goli mofulumira, kenaka adaima pakati pa bwalo, madzi ali m'akakolo.

"Bambo a Princess, lowetsani njinga."

"Nanga mai?"

"Chitseko chilipo. Tidachitapo kale."

"Ndi ndani, baba? Anthu onse athawa."

"Ndiwabereka."

Mkuluyo adali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo kumtunda kudali ulendo wa maola awiri kukakhala kouma. Adapita onse pakhonde la nyumba ya Sebastiano. Mai Angela adali atadzikoka mpaka kutsamira khoma, madzi akunyambita mphasa. Adali atamva zonse. Pakamwa pawo padali popotoka, mawu ankatuluka movutikira, koma adamveka.

"Kwezani... chitsulocho. Chimadyetsa ana. Ine ndadya kale."

Hilario adatembenuka kuyang'ana mkazi wake. Flossy adali pa makwerero a nyumba ija, mwana wamng'ono kumsana. Sadagwedeze mutu, sadaloze kanthu. Adangomuyang'ana, mvula ikutsika kumaso. Hilario adayang'ananso yofiira, itaima pakati pa bwalo, magalasi ake adali asanabwezeretsedwe chichotsereni tsiku lija.

Adawerama, adalowetsa dzanja limodzi kunsi kwa mawondo a mai Angela, lina kumsana, nawanyamula. Adali opepuka ngati mtolo wa bango.

"Mwana wopusa," adatero mai aja ali m'manja mwake.

"Inde, mai."

Atawagoneka, amuna awiriwo adakokera njinga pa mtengo wa nsangu umene udali kuseri kwa khola. Adaponya chingwe pa nthambi kuti aikweze, koma awiri okha sadathe. Tayala lakutsogolo lokha ndilo lidafika pamphanda. Adaimanga choimirira chomwecho, kuizunguliza chingwe chonse chimene adali nacho, ndipo Hilario adavula jekete lake la pulasitiki n'kukulunga injini. Pochoka madzi adali m'mawondo.

Ulendowo udali woipa. Nyumba idali yolemera kuposa mmene onse adaganizira. Pa khwawa loyamba idatitimira mpaka ekiselo, ng'ombe zidagwada, Sebastiano akuzitchula mayina, kuzinyengerera ngati ana. Flossy ndi ana adatsika kukankha. Adataya thumba limodzi la chimanga, kenaka lachiwiri. Anthu ena othawa, omwe aja ankafunsa za apongozi, adaika akatundu awo pamutu n'kuika mapewa kumbuyo kwa nyumbayo. Palibe adanena za Nowa. Adafika pasukulu ya kumtunda dzuwa litapendeka, tayala limodzi litaphulika, Lalanje akutsimphina. Mai Angela adafika ouma.

Adakhala kumeneko masiku khumi ndi awiri. Tsiku lililonse Hilario ankapita pamene nthaka imayambira kutsika, n'kuima. Kudambo konse kudali nyanja imodzi yofiirira, mitu ya migwalangwa yokha ikuoneka. Ankayesa kupeza nsangu wake pakati pa mitengo yakutali, ndipo tsiku lina ankati ndi uwo, mawa lake ankati ayi. Kudabwera anthu a m'maofesi ndi mabuku awo, nanena kuti ulendo uno wobwerera kudambo asadzayembekezere thandizo. Adajambula nyumba ya matayala ija, mmodzi adati ndi nzeru yabwino kwambiri, ndipo adapita.

Madzi ataphwa, Hilario ndi Sebastiano adatsika wapansi, awiriwiri, ndodo m'manja. Adayenda m'matope mpaka m'ntchafu, kenaka matope adatha n'kuyamba mchenga. Kumene kudali mudzi kudali mchenga woyera, wosalala, wofika kutali ngati bwalo la ndege. Kunalibe nyumba, kunalibe khola, kunalibe chulu chija cha foni. Madimba onse adali pansi pake. Khwawa lidali litasiya njira yake yakale n'kudzikumbira ina pakati penipeni pa mudzi. Nsangu kunalibe.

"Udali apa," adatero Hilario.

"Iyayi. Apa mpa nkhokwe yanga. Mtengo udali uko."

"Baba, ndidabadwira pano."

"Ine ndidakuonani mukubadwa."

Adayeza ndi mapazi kuchokera pa mgwalangwa umene adauzindikira, koma sadagwirizane ngati udali womwewo. Hilario adazika ndodo pansi. Idalowa yonse osagunda kanthu. Adasuntha, adazikanso. Adachita choncho kambirimbiri, uku ndi uku, kenaka adataya ndodo, adagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Mchenga unkabwerera m'dzenje momwemo. Atafika m'zigongono madzi adayamba kutumphuka. Adaleka, adakhala pansi, manja ali pamawondo.

Sebastiano adakhala pambali pake.

"Ndikadangoti yamoto," adatero Hilario. "Liwu limodzi."

"Mukadatero."

"Ndibwerera kopalasa. Mawondowa adatha kale, baba. Pokwera pa Ngabu amalira ngati chitseko."

Mkuluyo adatola mchenga, adaufinya, nautaya. Polankhula sadanenenso kuti inu.

"Mwananga, tamvera. Mchengawu ukauma pamwamba ndibwera ndi pulawo. Tiyambira pa mgwalangwa uwo, mzere ndi mzere, mpaka kukhwawa. Chitsulo chikakhala pansi, khasu la pulawo lichimva."

"Pulawo safika pamene yafika ndodo."

"Tikalima tichotsa ndi fosholo, tilimanso."

"Ngakhale tiipeze, injini yadzaza mchenga. Siidzaliranso."

"Ndikudziwa."

"Mwina mtengo udapita nayo. Mwina ili ku Mozambique."

"Mwina."

"Ndiye muvutitsiranji ng'ombe? Lalanje akutsimphina."

Sebastiano adayang'ana mchenga wonse uja, kuyambira pamapazi awo mpaka kumene udakumana ndi thambo.

"Pamalo pa njinga ija padagona mkazi wanga. Sindingapite kumtunda kukakhala phee ngati sindikudziwa. Anthu asamuke, ine sindisamuka iwe usanaione ndi maso, kaya ndi handulo yokha. Ukadzati basi, ndi pamene ndidzamasule goli."

Hilario adapukuta manja pa buluku. Mchenga sudachoke.

"Nanenso sindidzati basi inu musanatope."

"Ndiye tidzafera pano tonse, zitsiru ziwiri."

"Tiyambe liti?"

"Lolemba, kusanatenthe. Ubwere ndi fosholo."

"Ndibwera, baba."

Sebastiano adatambasula dzanja, ndipo Hilario adalilandira ndi manja awiri.